Mbaula ya gasi ya anapiye ikakana kuyaka

Anzanga oweta nkhuku kuno kwa Simlemba, chisanu cha June chikalusa, angapo amadandaula kuti mbaula ya gasi yofunditsira anapiye ikukana kuyaka. Musanathamangire ku Kasungu boma ndi silinda yomwe mwina ikadali ndi gasi, yang'anani kaye apa.

Ngati moto ukuzima mukangosiya batani, vuto limakhala kachitsulo kowonda kamene kali pambali pa lawi. Kakapanda kutentha kamatseka gasi. Dinani batani mpaka masekondi 30, lawi lizikhudza nsonga yake, ndipo mwaye wokutira pamenepo muupukute. Koma chomwe chimatisautsa kwambiri m'makola mwathu ndi fumbi la utuchi ndi la chakudya. Limatseka kabowo kotulukira gasi, kakang'ono ngati diso la singano. Tsekani silinda, masulani pomwe pali kabowoko, pemererani ndi pampu ya njinga. Chonde musakolokose ndi waya. Bowo likakula lawi limasanduka lachikasu, lamwaye, ndipo mpweya wake umapha anapiye m'khola lotseka.

Mukamva fungo la gasi musayatse machesi. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, amatsikira pansi pomwe pagona anapiye. Tsegulani zitseko, pakani madzi a sopo papayipi ndi polumikizira silinda; pomwe pakufufuma thovu ndi pomwe pakutuluka gasi. Payipi yong'aluka musaimange ndi mphira, gulani ina.

Sabata yoyamba anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndiye mukamakonza aikireni mabotolo a madzi otentha okulunga m'nsanza.