Chithyoke chiti poyamba? Za ma shock ndi galimoto zawaya ku Chiweta

Sabata yatha gulu lathu la projekiti linatsala pang'ono kumwazikana chifukwa cha tizipangizo tinayi totalika ngati chala. Tikupanga kagalimoto koyendera rimoti, ndipo titafika pogula ma shock, anzanga atatu anati tigule a aluminiyamu. Ine ndekha ndinati a pulasitiki. Mmodzi anaseka n'kunena kuti, "Aise, umphawi usakulowe mpaka m'mutu." Mawuwo anandiwawa, chifukwa ndalama ya projekitiyi tikuchita kudula pa ya chakudya, ndipo onse akudziwa kuti yanga ndi yomwe imafika mochedwa.

Komatu maganizo angawa sanachokere m'thumba mokha. Anachokera kwathu ku Chiweta, ku Rumphi, komwe msewu wa M1 wochokera ku Mzuzu umatsika phiri mokhotakhota n'kukafika m'mbali mwa nyanja polowera ku Karonga. Tili ana tinkaonerera matanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam akukwera chitundacho mobuula, madzulo ife n'kumawapanga ndi waya. Matayala tinkasema ku mapatapata akutha, n'kumanga ndi malegeni. Mpikisano unkachitikira pa kanjira kamiyala kuseri kwa nyumba. Unkangokankha galimoto yako n'kuisiya itsike yokha.

Tsiku lina msuweni wanga, yemwe ndi wamkulu kwa ine, anatola kapaipi ka aluminiyamu ka eliyo ya TV yothyoka. Anakadula panayi, n'kulowetsamo masipulingi a m'mabolopeni. Galimoto yake inkanyezimira, tonse tinasirira. Ine ndinatengera nzeru yomweyo, koma ndi timapaipi ta mabolopeni otha inki. Pa mpikisano galimoto zonse ziwiri zinagunda mwala umodzi. Kapaipi kake kanapindika osabwereranso, sipulingi inakanirira m'kati, ndipo waya wolumikiza matayala unazuka pamodzi ndi mbali yonse yakutsogolo. Kwa ine kanang'aluka kabolopeni kamodzi basi. M'mawa mwake ndinatola kena pa dzala la kusukulu, pomwe achimwenewo anatha masiku atatu akumanganso.

Ma shock a tigalimoto ta rimoti ndi nzeru yomweyi, yongowonjezera mafuta. Sipulingi yakunja imanyamula kulemera kwa galimoto. M'kati mwa kapaipi muli mafuta a silicone ndi pisitoni yoboola timabowo, ndipo mafutawo akamadutsa m'timabowomo amaletsa galimoto kumangonjanja ikaponda mwala. Mkangano wathu uli pa kapaipiko ndi chitsekerero chake basi.

Ndisawanamizire anzanga, aluminiyamu ali ndi ubwino wake. Safufuma mafuta akapanikizika, amataya kutentha msanga, ndipo chitsekerero chake sichivuka wamba galimoto ikalumpha n'kutera mwamphamvu. Cha pulasitiki chikhoza kuvuka, mafuta n'kutayika. N'chifukwa chake akatswiri a mipikisano amakonda aluminiyamu, ndipo makampani ngati Tamiya ndi Traxxas amagulitsa tigalimoto tambiri ta ongoyamba kumene tili ndi ma shock a pulasitiki, a aluminiyamu n'kumagulitsa padera.

Koma aluminiyamu amalemera kuposa kawiri pulasitiki ya nayiloni ya kukula kofanana, ndiponso ndi wodula. Chachikulu n'chakuti galimoto ikagunda, mphamvuyo siisowa, imafuna pothyola. Pulasitiki imagonja pang'ono n'kubwerera, kapena imathyoka iyo yomwe. Aluminiyamu akakana, mphamvuyo imapitirira kukathyola chomwe chagwira shock kapena mkono wa tayala. Akapindika ndiye wapindikiratu.

Nanga ife ndife akatswiri? Palibe mwa ife anayendetsapo kagalimoto kotere kwa ola lathunthu. Tidzagunda khoma, mwina tsiku loyamba lomwe. Zosinthira n'zoitanitsa kunja, kudikira masabata, ndipo nonse mukudziwa momwe ndalama zakunja zikuvutira m'dziko muno. Pa mtengo wa ma shock a aluminiyamu tikadagula a pulasitiki n'kutsala ndi yogulira zosinthira.

Ndimaona kuti ophunzira ambirife timagula zinthu poopa kuoneka osauka, kaya ndi foni, laputopu kapena nsapato za pa intavyu. Timafunsa kuti cholimba n'chiti, osafunsa kuti chikathyoka ndidzachipeza kuti, nanga chidzathyoka ndi chiyani china.

Tinavota, ndipo ndinagonja atatu kwa mmodzi. Ndasonkha gawo langa, a aluminiyamu ali m'njira. Chomwe ndinapempha, ndipo anavomera monyinyirika, n'chakuti tiitanitsiretu mikono iwiri ya matayala akutsogolo. Ndinamuimbira msuweni wanga uja kumufotokozera zonsezi. Anaseka nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati kusukulu kwathu kuli dzala la mabolopeni.