Nkhata ya Makilomita 8

Mwa mafunso onse amene mlendo angafunse ku mapiri a ku Neno, lopanda phindu kwenikweni ndi lakuti, "Kodi ndi kutali?" Yankho lake ndi limodzi kuyambira ku Ligowe mpaka kwa Dambe: "Iyayi, ndi pompa apa, mukangopitirira kaphiri ako." Munthu amaloza ndi mlomo, iwe nkulimba mtima, koma dzuŵa limafika popendeka kaphiri kaja kakungobereka ana ndi zidzukulu. Anzathu okulira m'tauni amati anthu a kumudzi ngabodza. Sanama ayi. Iwo amayeza ulendo ndi miyendo yawo, ndipo miyendo yawoyo njosiyana ndi yathu ife okhalira mpunga wa ku kafeteriya.

Boma nalo lili ndi kayezedwe kake. M'mapulani a zaumoyo a dziko lino a nthaŵi imeneyo munthu ankaŵerengedwa kuti ali pafupi ndi chipatala ngati akhala m'kati mwa makilomita 8 kuchokera pachipatalapo. Njira yapafupi yopezera anthu otere aliyense wa m'kalasi la jogalafe aidziŵa: uyala mapu pathebulo, ubaya msomali wa kampasi pamene pali chipatala, nkuzunguliza mzere wonga nkhata. Amene agwera m'kati mwa nkhatayo ndiye kuti athandizidwa. Otsala kunja ndiwo oyenera kuwaganizira ndalama zikapezeka. Ku Mchinji kapena ku Kasungu, kumene dziko lidayalidwa ngati mphasa, nkhata imeneyi siphonya kwambiri. Ku Neno ndi nkhani ina.

Bomali ndi laling'ono ndiponso lalikhanda. Lidapatuka ku Mwanza mu 2003, ndipo kalembera wa 2018 adapezako anthu 138,291. Chipatala chachikulu cha paboma chidamangidwa bungwe la Partners In Health, limene kumeneko amalitcha Abwenzi Pa Za Umoyo, litafika mu 2007. Kumunsi, cha ku Lisungwi ndi ku Zalewa, nkotentha, kwa malambe ndi mbuzi. Kumtunda, cha kumalire ndi Mozambique, nkozizira, kwa mbatata ya kachewere ndi tirigu. Pakati pa maiko aŵiri ameneŵa pali zigwa ndi zigwembe zosaŵerengeka, ndipo midzi iŵiri imene anthu ake amaitanizana ndi mfuu ingathe kutalikirana ulendo wa m'maŵa wathunthu.

Patchuthi china chachitali ndidapeza ganyu ku kabungwe kena kamene kankafuna kudziŵa njira zenizeni zimene anthu a kumtunda amadzera popita kuchipatala. Adatipatsa zinthu zitatu aliyense: foni, batire yapadera yosungira moto, ndi kachipangizo ka GPS kaukulu ngati bokosi la machesi, kamene kamalankhulana ndi foni mwa Bluetooth. Foni nayo ili ndi GPS yakeyake, koma kabokosika kamamva bwino, ndiponso kamapulumutsa batire ya foni, chinthu chofunika kudera kumene kutchaja nkolipira, kwa mnyamata wa sola pamsika. M'fonimo munali OsmAnd, pulogalamu imene imasunga mapu a OpenStreetMap m'foni momwemo kotero kuti umawaona ngakhale netiweki palibe.

Ambiri amaganiza kuti GPS imadya mayunitsi, kapena kuti kumwambako kuli wina amene akukuyang'ana. Kachipangizoka sikayankhula ndi setilaiti. Ntchito yake nkumvetsera basi. Masetilaiti ake, amene asilikali a ku America adayamba kuwaponya m'mlengalenga mu 1978, amayenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 ndipo amazungulira dziko kaŵiri patsiku. Iliyonse ili ndi wotchi yosaphonya, ndipo imangolengeza kosalekeza kuti ili pakuti, nthaŵi ili yakuti. Uthengawo umathamanga pa liŵiro la kuŵala, makilomita 300,000 pa sekondi. Kabokosi kaja kamaona kuti uthenga uliwonse wachedwa bwanji panjira, nkudziŵa kutalika kwa setilaiti imene yautumiza. Kakamva zinayi kapena kuposerapo, kamaŵerengera pamene waima. Tangoganizani: wotchi itaphonya ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, iwe wasunthidwa mamita 300. Kale eni ake ankasokoneza dala uthengawu kuti anthu wamba aziphonya ndi mamita ofika 100, mpaka pulezidenti Bill Clinton adalamula kuti zimenezi zileke mu Meyi 2000. Lero pabwalo poyera umaphonya ndi mamita atatu, mwina asanu. Koma ukaloŵa m'chigwembe chakuya, phiri uku phiri uku, mitengo itaphimba kumwamba, kadontho kako pafoni kamayamba kudzandira ngati kachokera kumoŵa, ndipo umayenera kuima duu, chipangizo m'mwamba, kudikira kuti kakhazikike. Ana ankandiseka pamenepa. Ankati ndikupempha mvula.

Ntchito yeniyeni inali yosavuta kuinena. Uyatsa chojambulira ulendo pakhomo pa mfumu, nkuyenda, ndipo pulogalamu imagwetsa kadontho masekondi angapo alionse mpaka ukafike pakhomo pa chipatala. Madonthowo akalumikizana amapanga mzere wokhotakhota wonga njira ya nkhono. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi. Ife tinkasiya phazi m'foni. Pamtsinje, paulalo, pamjigo, pasukulu, unkaima nkuika chizindikiro ndi kulemba dzina.

Koma usanagwetse kadontho ngakhale kamodzi uyenera kuyamba wakhala pansi. Mudzi wina mfumu idandisiya ndifotokoze mpaka malovu kuuma, kenaka idafunsa mofatsa:

"Tsono mwana wanga, mukatha kuyezaku, ife mutisamutsira kuti?"

"Pepani amfumu, sitikuyeza minda ayi. Tikuyeza njira ya kuchipatala."

"Onse amene adabwera ndi zoyezera adayamba ndi mawu okoma."

Sindidaone chifukwa chowatsutsira. M'dziko lino woyeza malo sayenda yekha. Pambuyo pake pamabwera kanthu. M'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston ankapereka zikalata za malo kwa Azungu ku mapiri a Shire, anthu adadzuka tsiku lina ali alendo paminda ya makolo awo, thangata ili pakhosi. Ku Neno komweko anthu adaona oyeza akudutsa ndi timitengo tawo, kenaka kudadza njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala. Ndiponso chikhazikitsireni lamulo la malo a mafumu la 2016, mawu oti kulembetsa malo amautsa makutu a munthu aliyense wokhala ndi munda. Chimene chidatimasula si digiri imene ndikuifunafuna kuno ayi, koma mayi wina wachikulire, mmodzi mwa anthu othandiza zaumoyo m'mudzimo, amene adati, "Amfumu, mwanayu ndiyenda naye ndine. Akaloza kumunda ndimulanda kabokosiko." Mfumu idaseka, nkutiuza kuti kumanda kokha tisakaloze chinthu chathucho. Msitu umenewo pamapu athu udatsala wopanda dzina, ndipo ndiyesa nkoyenera kuti ukhale choncho.

Tidanyamuka mame asanakamuke. Pafoni, mzere woongoka wochokera pamudzipo kukafika kuchipatala sunkakwana makilomita 7. Kunena kwina, mudziwo uli m'kati mwa nkhata, anthu ake ngothandizidwa kale. Ine ndidaona kanjira kotsetsereka kolunjika kumene foni inkaloza, koma mayi aja adakhotera kumanzere.

"Mayi, njira yachidule si iyi?"

"Imeneyo nja anyamata ndi mbuzi. Inu mwati mukufuna njira ya odwala."

Apa mpamene ndidamva kuti mudzi umodzi uli ndi njira zitatu zopitira kumalo amodzi. Ilipo ya munthu wamphamvu, yotsika phompho chokhala pansi. Ilipo ya machira, imene amuna anayi onyamula mayi woti matenda amuyamba usiku angathe kudutsamo osamugwetsa. Imeneyi imazungulira phiri chifukwa machira sakhota pakona yothina. Ndiye ilipo ya dzinja, pamene mtsinje wadzaza ndipo pooloka paja sipaoneka, yokadzera kumtunda kumene kuli ulalo wa mitengo iŵiri. Tidatsata ya machira. Pofika kuchipatala foni idaonetsa makilomita opitirira 11, ndipo tidayenda maola atatu ndi theka, tilibe katundu, kuli kowuma, dzuŵa likuŵala. Mayi aja sadapume ngakhale kamodzi. Ine ndidapuma kanayi, ponamizira kudikira masetilaiti.

Panjira ankandionetsa zinthu zimene fomu yathu idalibe malo ake. Mwala uwu ndi pamene onyamula machira amasinthana. Pansi pa mkuyu uwo padabadwira mwana, amake asanafike. Apa ndi pomwe netiweki imagwira, ukakwera pachulu, ndiye ngati ufuna kuitana wanjinga yamoto uyenera kutuma mwana athamangire pano. Ukapitirira pang'ono foni imalandira uthenga wokulandira ku Mozambique, chonsecho phazi lako lili m'Malaŵi. Chulu chimenecho ndidachiika pamapu athu. Mwa zizindikiro zonse zimene ndidaika mwezi umenewo, ndikhulupirira kuti chimenechi ndicho chingadzapulumutse munthu.

Tsono ndinene za mapu amene tinkayendera. OpenStreetMap idayamba ku Britain mu 2004, ndipo aliyense angathe kulembamo. Kuyambira 2014, pansi pa ntchito yotchedwa Missing Maps, anthu ongodzipereka a kumaiko akutali akhala akujambula nyumba ndi misewu ya madera ngati athu poyang'ana zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba. Ntchito njabwino, ndipo sindifuna kuinyoza. Koma munthu ali ku London amaona denga, saona khomo. Denga la malata limaŵala pachithunzi, la udzu limafanana ndi nthaka, motero nyumba ya wosauka ndiyo imayamba kusoŵa pamapu. Sangasiyanitse tchalitchi ndi chigayo. Kanjira kakaloŵa pansi pa mitengo iye amakadula pomwepo, ngati kuti anthu amafika pamenepo nkuuluka. Ndipo dzina la mudzi silioneka kuchokera kumwamba.

Za mainazi zidandivuta kuposa mapiri. Mudzi umadziŵika ndi dzina la mfumu, koma pali dzina la m'kaundula wa kwa Mfumu Yaikulu, pali dzina limene anthu amatchula, ndiye pali kachigawo kamene kadapatuka chaka chatha ndipo kakufuna dzina lakelake lilembedwe, chifukwa dzina likaloŵa m'foni ya mlendo, ufumu wayamba kukhwima. Mnyamata wosakwatira, wongodziŵa kudinadina foni, amapezeka atagwira mphamvu imene sadaipemphe. Si zachilendo. Mapiri onseŵa pamapu amatchedwa Kirk Range, kutengera John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene adayenda ndi David Livingstone mumtsinje wa Shire mu 1859. Malire amene amadula mabanja pakati pamwamba pa mapiriwo adagwirizana ndi Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891. Mayi amene ndinkayenda nawo amadziŵa phiri lililonse ndi dzina lake, koma za Kirk sadamvepo. Ine ndinkalemba maina onse amene ndauzidwa, ndi kulembanso amene wandiuza ndi ndani, mfumu kapena mwana woŵeta mbuzi, kuti wodzasankha adzadziŵe kuti akusankha.

Kwa anzanga amene mudzatenge mapu akale a 1:50,000 a m'kabati ya dipatimenti kupita nawo kumudzi pamodzi ndi foni, chenjezo ndi ili: mapu amenewo adayezedwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pamene GPS imayendera WGS 84. Mukaiŵala kusintha, mjigo wanu udzagwera kutsidya kwa mtsinje, mamita oposa 100 kuchokera pamene uli, ndipo mudzayamba kukangana ndi anthu amene amatungapo madzi tsiku ndi tsiku.

Titabwerera kuofesi tidatsitsa mizere yathu mukompyuta nkuisanjika pamwamba pa nkhata zija. Zinkaoneka ngati mizu ya mbatata yotulukira kunja kwa mphika. Mkulu wina woona za ziŵerengero adayang'ana nthaŵi yaitali, kenaka adafunsa ngati sitingathe kungochulukitsa mtunda woongoka ndi nambala imodzi kuti tipeze mtunda weniweni wa midzi yonse, mmalo motuma anthu kukayenda. Funso lake linali lanzeru, pakuti kuyenda nkodula. Koma nambala imodziyo palibe: mudzi wa pamsewu mizere iŵiriyo imangofanana, wa kuseri kwa chigwembe imasiyana kaŵiri. Ndiponso njira sizikhalitsa. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola milatho ndi misewu m'chigawo cha kummwera, ndipo mzere wojambulidwa mvula yotere isanagwe ungathe kumutsogolera munthu kuphompho.

Chimene sindidachipezere yankho ndi liŵiro. Ukaifunsa pulogalamu kuti ulendo utenga nthaŵi yanji, imaŵerengera munthu wabwinobwino woyenda makilomita anayi kapena asanu pa ola. Muli posankha woyenda pansi, wapanjinga, wapagalimoto, ngakhale wapabwato. Posankha amuna anayi onyamula machira usiku, mvula ikugwa, wachisanu ali patsogolo ndi tochi ya foni, palibe. Ndidawafunsa mayi aja kuti ulendo wotere umatenga maola angati, kuti ndilembe m'malo a ndemanga. Adati iwo saŵerenga maola. Amangodziŵa kuti akanyamuka anthu atangogona, amafika tambala woyamba atalira, ndipo nchifukwa chake amakakamiza amayi a m'mudzimo kupita kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, ngakhale amuna awo adandaule za kumunda. Ndidalemba momwemo, mawu ndi mawu, pansi pa nambala ya makilomita.