Mphika wa miyendo itatu musaukweze pa sikelo

Abale anga a m'mbali mwa nyanja, ndi inu amene muli m'tauni koma mchombo wanu unagwera kuno, ndapota nanu werengani mpaka kumapeto.

Masiku ano m'midzi mwathu mukuyenda anyamata a njinga ndi sikelo, ogula zitsulo zakale. Makasu otha, mafelemu a njinga, malata a dzimbiri, zimenezo apatseni, palibe mlandu. Koma ena ayamba kukweza pa sikelo ngakhale miphika ikuluikulu ija ya miyendo itatu. Apa pokha ndiye toto. Ndikulankhula ngati mwana wa msodzi amene anakulira pambali pa mphika wotere ku Nkhotakota.

Wathu anabwera nawo agogo aamuna kuchokera ku Joni m'zaka za m'ma 1950. Unayenda pa sitima ya pamtunda kudzera ku Bulawayo, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, mpaka ku Salima. Ndi wa nambala 25, umalowa madzi pafupifupi malita 70, ndipo kuunyamula mpaka amuna awiri. Dzina lake ndi Falkirk, la fakitale ya ku South Africa imene inatengera dzinalo ku tauni ya ku Scotland yodziwika ndi ntchito yosungunula zitsulo. Anzawo a agogo anabwera ndi majekete ndi magalamafoni, zonse zija zinatha kalekale. Ulendo wa ku migodi nawonso unatha. Mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu. Mu 1977 zinayambiranso ndi TEBA, koma pofika 1988 khomo linatsekeka. Pa thukuta la amuna aja, chimene chatsala m'makomo ambiri ndi mphika basi.

Mphikawu si wosula ayi. Amasungunula chitsulo mpaka chikhale ngati phala, n'kuchithira m'chikombole cha mchenga. Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi Abraham Darby ku England mu 1707. N'chifukwa chake ndi wokhuthala. Umachedwa kutentha, koma ukatentha susiya msanga. Miyendo itatu ija ndi mafuwa ake, ndiye umaima paliponse, pamchenga kaya m'munda. Kunsi kwake n'kobulungira, moto umakwera mbali zonse ndipo mthiko umafika paliponse.

Kutentha kosatha msangako ndiko kunkapulumutsa usipa wathu. Inu a kunyanja mukudziwa. Mwezi ukakhala mumdima, achilimira amabwera m'mawa bwato litadzaza, kumwamba kuli mitambo ya Januwale. Usipa wauwisi ukauyanika pathandala tsiku lotero, pofika madzulo wayamba fungo. Ndiye amayi ankawiritsa madzi a mchere, kuviika dengu la usipa kwa mphindi zochepa, kuvuula, kuviikanso lina. Sefuliya wopyapyala ukamuthira nsomba zozizira amasiya kuwira, udikire. Wachitsulo amangogaduka. Usipa wofutsa umauma msanga, suwola, ndipo umafika ku Lilongwe uli bwinobwino. Fizi yanga ya sekondale inachokera mmenemo.

Kumunda nako unali ndi ntchito. Mvula ikamapita kumapeto, nkhwani ndi chitambe zimachuluka moti mbuzi zimachita kunyansidwa nazo, koma Okutobala akafika ndiwo zamasamba umazifuna ndi nyali. Amayi a mudzi wonse ankabwerekana mphikawu kufutsa masamba, kuyanika, n'kumanga zikwatu. Mfutso umenewo ndiwo unkatidyetsa chilimwe chonse mwera ukaletsa abambo kulowa panyanja. Agogo aakazi ankasinja nsatsi, kuziwiritsa mmenemo, mafuta n'kuyandama pamwamba, iwo n'kumawengula odzola.

Nanga dima? Achinyamata ena mawuwa sakuwadziwa n'komwe. Munthu ukapanikizika ndi kupalira kapena kuwokera mpunga kudambo, unkaphika thobwa, n'kuitana anzako. Anthu makumi awiri amalowa m'munda m'mawa, dzuwa likafika paliwombo ntchito ya sabata ziwiri yatha. Palibe ndalama inatuluka. Koma thobwa la anthu makumi awiri sungaphike m'kapoto ka tiyi. Wopanda mphika waukulu ankabwereka, ndipo pobweza ankaikamo kambale ka ufa kapena nsomba zingapo, osati chifukwa wina walamula, koma mphika wa eni subwerera uli gwa.

Pamaliro ndiye osanena. Uthenga ukangomveka, mkuwe usanathe, anyamata awiri anali atanyamuka kale ndi mtengo paphewa, mphika ukulendewera pakati. Nsima ya adzukulu, nyemba za anthu ogona pasiwa, zonse mmenemo. Paukwati, pasadaka, chimodzimodzi. Sunkafunsa kuti uyu ndi wa kumzikiti kapena wa kutchalitchi. Lero pamaliro timayamba ndi kusonkha ndalama yobwerekera mapoto, namfedwa misozi ili m'maso, eti.

Ndiye taganizani. Wa sikelo akupatsani ndalama yosakwana ngakhale thumba la feteleza, Loweruka lisanafike yatha. Mphika uja akauphwanya ndi hamala, ukasungunulidwe. Mukadzaufuna wina wa msinkhu womwewo, mudzafunse mtengo wake kwa amene amapita ku Joni, mudzakhala pansi. Ndipo pogulitsapo simunagulitse wanu wokha. Mwagulitsa wa mayi wamasiye wa kuseri kwanu, amene akanadzafutsira usipa wa theka la ndowa kuti mwana apeze yunifolomu.

Ena akuti ndi wolemera, umadya nkhuni, unachita dzimbiri. Kulemera n'zoona. Za nkhunizo, umadya poyamba pokha, ukatentha zikuni ziwiri zikwanira, makamaka mukautchingira mphepo. Dzimbiri si imfa ya mphika. Kwechani ndi mchenga wa kunyanja ndi phulusa, tsukani, umitsani pamoto pang'ono, pakani mafuta ophikira mkati monse. Mukafutsira usipa musagoneke madzi a mchere mmenemo. Adani ake enieni ndi awiri: kuugwetsa pamwala, ndi kuthira madzi ozizira uli wotentha wopanda kanthu. Chitsulo chotere sichipindika, chimang'aluka, ndipo kuchiwotcherera n'kovuta. Wothyoka mwendo umodzi musautaye, ikani fuwa pamenepo. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Pempho langa ndi ili. Amene muli nawo, ukhale kuseri kwa nkhokwe kaya nkhuku zikuikiramo mazira, utulutseni sabata ino muukonze. Afunseni agogo adakali moyo kuti unabwera ndi ndani, chaka chanji, ana amve. Ngati njala yakupanikizani moti simungachitire mwina, yambani mwauza abale, kapena a komiti ya maliro, kapena gulu la amayi a banki m'khonde, augule ukhalebe m'mudzi. Inu muli kunja, m'malo mongotumiza ya mayunitsi, funsani kumudzi ngati mphika wa agogo ulipo.

Tumizani ku magulu a kwanu, wa sikelo asanafike.