Mwana wotsalira polemba, yambani naye pomwe ali

Makolo anzanga amene mukuphunzitsa ana pakhomo, mwana akakhala wa msinkhu wa Sitandade 5 koma akulemba ngati wa Sitandade 2, musamukakamize buku la Sitandade 5. Yambani naye pomwe ali, osati pomwe zaka zake zikunena.

Malamulo a chiyankhulo ali nawo kale m'kamwa. Amadziwa kuti timati "chimanga chapsa", "nyumba zagwa", "kamwana kagona", ngakhale sanamvepo za magulu a mayina. Chomwe chikumuvuta ndi kuika papepala zomwe amalankhula. Ndiye m'malo momulowezetsa matanthauzo a mneni ndi mfotokozi, mufunseni zomwe waona kumsika kapena kuchigayo. Anene chiganizo chimodzi pakamwa, achilembe yekha, kenako achiwerenge mokweza. Khutu lake lidzamuuza pomwe walumpha liwu.

Ngati akusokoneza maphatikizo monga nga ndi ng'a, kapena pa ndi pha, bwererani komweko popanda manyazi. Lembetso la mawu asanu patsiku limathandiza kuposa tsamba lodzaza ndi zizindikiro zofiira. Pochonga, gwirani cholakwika chimodzi chokha: lero chilembo chachikulu ndi mpumiro, zina mawa.

Chimangirizo ndi kalata zomwe adzakumane nazo pa mayeso a MANEB mu Sitandade 8 zimamangidwa ndi ziganizo zing'onozing'ono zomwezi. Chingerezi nachonso chimalowa bwino mwana akayamba wakhazikika polemba chinenero chake.

Chonde musamutche mbuli, chifukwa mwana wonyozedwa amaopa kugwira pensulo. Lezani naye mtima, adzalemba.