Kuzonda Odwala ndi Mau Okha

Abale, mwambo wathu muudziwa: munthu akadwala sitimsiya yekha. Amai asenza ufa kapena nkhuni, napita kukakhala pamphasa pafupi naye, namfunsa m'mene wagonera. Koma pa 2 April 2020 mliri wa Covid-19 unapezeka m'Malawi muno, ndipo a chipatala anatiuza mau owawa, akuti nthendayo iyenda ndi mpweya womwewo umene tipereka nao moni. Ambiri a ife tinathedwa nzeru, pakuti chifundo chomwe chinasanduka choopsa.

M'masiku amenewo ine ndinaona phindu la lamya. Inalipo kale nchito yotchedwa Chipatala cha pa Foni, imene inayambika ku Balaka m'chaka cha 2011 kuthandiza amai apakati ndi ana ang'ono, nifalikira pambuyo pache m'dziko lonse. Munthu anali kuimba 54747 pa Airtel osalipira kanthu, nalankhula ndi wa chipatala m'chinenero chache. Pofika mliri, anthu anayamba kufunsa komweko za chifuwa ndi kutentha kwa thupi.

Musayese kuti lamya ichiritsa. Namwino wa kutali sakhoza kukhudza wodwala pamphumi, kapena kumvera m'chifuwa mwache. Ndipo mpweya wa m'mabotolo, umene unasowa m'zipatala m'January 2021, mwezi uja nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi, sungatumizidwe pa lamya. Nchito yache yaikuru, monga ndiiona ine, inali kuweruza mlandu umodzi: kodi wodwala uyu akhale, kapena apite?

Mlanduwo si waung'ono kwa ife a kumidzi. Ulendo wa ku chipatala udya tsiku lathunthu pamodzi ndi ndalama ya njinga. Ndipo munthu wa chimfine chabe akakhala pa benchi pakati pa otsokomola, angabwere nayo nthenda imene sanapite nayo. Wotere anali kuuzidwa kuti agone payekha, amwe madzi ambiri, ndi kuti womsamalira aphimbe mphuno ndi pakamwa, nasambe m'manja ndi sopo. Koma nkhalamba ya nthenda ya shuga imene ibanika, yosakhoza kutsiriza mau osapumira, inali kuuzidwa zina: isadikire kuti kuche.

Chondidetsa nkhawa ndi ichi, kuti amene afuna thandizoli koposa ndiwo amene alibe lamya. Ena ali nayo, koma moto wathamo, ndipo kochajitsa ndi kumsika. Ena mau sawafika kufikira atakwera pa chulu. Kwathu mnyamata wina anali kuyenda nayo lamya yache nyumba ndi nyumba. Anali kuima panja pafupi ndi zenera, agogo nanena zowawa zao ali m'kati, iye nabwereza zonse kwa namwino. Ndipo yankho likadza, anali kulifuula kawiri, chifukwa agogo ena makutu anagontha.