Mau a Woimba Akayamba Kutha

Lamulungu lina m'mwezi wathawu tinachita manyazi pamaso pa mpingo wonse. Abusa atatchula nyimbo yoyamba, tinaimirira monga mwa chizolowezi chathu cha zaka 25 kuti titsogolere anthu. Koma pofika pa mzere wachitatu, pamene nyimboyo ikwera, mau athu anasasa nakana kukwera nayo. Mai wina wokalamba wokhala kumbuyo, amene sadziwa kuwerenga, ndiye anaitola nyimboyo, ndipo mpingo unamtsata iye. Ana a sukulu anawerama kubisa kuseka kwao. Sitiwatsutsa, pakuti ifenso pa msinkhu wao tinaseka mphunzitsi wathu pa chinthu chomwechi.

Madzulo ake tinakhala pakhonde ndi mtima wolemera, tilikudzifunsa kuti munthu amene ntchito yake ya mu mpingo yakhala kuimba atsala ndi chiani mau akamthawa. Ndipo tinatenga buku lakale lothothoka chikuto limene tinalandira ku sukulu ya uphunzitsi, lochedwa Sacred Songs and Solos, tinayang'ana dzina la mwini wake, Ira D. Sankey. Ambiri a inu owerenga mwaimba nyimbo zotembenuzidwa kuchokera m'buku limeneli chiyambire ubwana wanu, osamdziwa munthuyo. Tifuna kukuuzani za iye, popeza njira imene tayamba kuipondayi iye anaiyenda mpaka pothera pake.

Sankey anabadwa m'chaka cha 1840 ku Pennsylvania, m'dziko la America. Sanapite ku sukulu yaikulu ya nyimbo. Anaphunzira kuimba pa banja ndi m'kachisi, monga ife. Atakula anagwira ntchito ya boma ya msonkho, nakwatira, nakhala bwino. M'chaka cha 1870 anapita ku msonkhano wa anyamata achikhristu ku Indianapolis, nalowa m'mapemphero a m'mawa amene mlaliki Dwight L. Moody anatsogolera. Kuimba kunali kofooka ndi kokokera, monga kumakhala kwathu kuno m'miyezi ya chisanu. Mnzake anamkodola kuti ayambe nyimbo, ndipo anayamba. Atatha mapemphero Moody anamgwira dzanja, namfunsa za kwao, za banja lake ndi za ntchito yake, namuuza mosabisa kuti ntchitoyo aileke, adze ku Chicago kudzamthandiza.

Sanalole msanga ai, ndipo pa ichi timlemekeza. Munthu wa mkazi ndi ana sataya malipiro a boma chifukwa cha mau a mlendo. Anasinkhasinkha miyezi ingapo, nalola m'chaka cha 1871. Chaka chomwecho m'mwezi wa October moto waukulu unatentha mzinda wa Chicago pamodzi ndi nyumba imene anali kusonkhanamo, ndipo Sankey anapulumukira m'bwato pa nyanja ya Michigan. Wina akadati Mulungu wamuonetsa kuti analakwa posiya ntchito. Iye anabwerera.

M'chaka cha 1873 awiriwo anaoloka nyanja kunka ku Britain. Pofika ku Liverpool anamva kuti ena mwa amene anawaitana anamwalira, kotero anayamba ku York ndi anthu owerengeka. Koma yesero lenileni la woimbayo linali ku Scotland. Akhristu ambiri a kumeneko, makolo a mipingo yathu ya Chipresbiteriani, anakhulupirira kuti m'nyumba ya Mulungu muyenera kuimbidwa Masalmo okha, popanda limba kapena choimbira china chilichonse. Ndipo taonani, wafika munthu wa ku America ndi kalimba kake kakang'ono, naimba yekha pamaso pa mpingo nyimbo zolembedwa ndi anthu! Ena anakhumudwa ndithu. Koma ambiri anagonja, pakuti sanaimbe modzionetsa. Anakhala pansi pa kalimbako, natchula liwu lililonse momveka, naleka pang'ono pakati pa mizere kuti mau alowe, kotero kuti wokhala kumbuyo anamva nyimbo monga amva ulaliki.

Pano tilole tipatuke pang'ono. Ku sukulu ya uphunzitsi anatiphunzitsa do, re, mi pa chipepala chopachikidwa pa khoma, mphunzitsi alikuloza ndi ndodo, ndipo tinakhoza ndithu kugawa mau anai. Koma palibe anatiuza kuti munthu akhoza kulondola manoti onse, osamveka chimene alikunena. Vuto ili likula m'chinenero chathu, pakuti maimbidwe a Azungu kawirikawiri atsindika pothera pa mzere, pamene ife polankhula titalikitsa phatikizo lotsatana ndi lomaliza. Motero liwu lodziwika limveka lachilendo, ndipo nkhalamba iimba zaka zambiri chinthu chimene sinachimvetse. Abale athu a kumpoto anachita mwanzeru masiku a Donald Fraser, polola Angoni monga Mawelera Tembo kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a kwao.

Tibwerere kwa Sankey. M'mwezi wa May 1874, ali m'sitima ya pamtunda kuchokera ku Glasgow kunka ku Edinburgh, anapeza m'nyuzipepala ndakatulo ya Elizabeth Clephane, mkazi amene anamwalira m'chaka cha 1869, yonena za nkhosa yotayika ya pa Luka 15. Anaing'amba naisunga m'thumba. Pa msonkhano wa ku Edinburgh mutu unali wa Mbusa Wabwino, ndipo atatha kulankhula alaliki, Moody anamfunsa ngati ali ndi nyimbo yoyenera. Analibe. Anaika kapepalako pa limba, napemphera mumtima, nayamba kupeka maimbidwe ali pakati pa kuimba. Ife amene tatsogolera nyimbo tidziwa pamene panali mantha enieni: ndime yoyamba munthu akhoza kuiponya, koma kodi yachiwiri adzaikumbukira momwemo? Anaikumbukira, ndipo nyimboyo, The Ninety and Nine, iimbidwa chomwecho kufikira lero.

Mwezi womwewo, mumzinda womwewo, James Stewart anapempha msonkhano waukulu wa Free Church kuti ukhazikitse mishoni pa nyanja yathu, chikumbutso cha David Livingstone amene anaikidwa m'manda ku London m'mwezi wa April. Sitima ya Ilala inalowa m'nyanjayi m'chaka cha 1875, ndipo Blantyre anayambika m'chaka cha 1876. Amishoni anadza kuchokera m'dziko limene nyimbo za Sankey zinali pakamwa pa anthu, ndipo nchifukwa chake zinafika kuno msanga chotero.

Buku lija linayamba ngati kabuku ka masamba ochepa m'chaka cha 1873, ndipo linakula kufikira nyimbo 1,200. Adani ananena kuti awiriwo alikulemera nalo. Koma ndalama za bukulo zinaperekedwa m'manja mwa osunga ena, nizithandiza kumanga nyumba zopemphereramo ndi sukulu za Moody ku Northfield. Tinena ichi chifukwa cha anyamata athu amene aona kuimba za Mulungu ngati msika. Sitikana kuti woimba adye, koma afunse amene asunga thumba.

Tsono mapeto ake ndiwo tinawafuna usiku uja. Kuimba m'nyumba zazikulu popanda chokuzira mau, tsiku ndi tsiku, zaka pafupifupi 30, kunamdya mau. Alipo mau ake ojambulidwa pa makina oyamba aja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo womvera amva munthu wotopa, wosafanana ndi mbiri yake. Moody anamwalira m'mwezi wa December 1899. M'chaka cha 1903 Sankey anachita khungu, nakhala m'nyumba yake ku Brooklyn zaka zisanu. Kumeneko anadzamchezera Fanny Crosby, mai uja wosaona chiyambire ukhanda wake, amene analemba nyimbo zikwi zambiri, ndipo zina mwa izo Sankey anazipekera maimbidwe. Ali wosaona chotero anafotokozera mlembi mbiri ya moyo wake ndi ya nyimbozo, nilisindikizidwa bukulo. Anamwalira pa 13 August 1908, atatsala masiku ochepa kukwanitsa zaka 68. Pamene iye anagona mumdima, kuno ana a sukulu za m'midzi anali kuimba nyimbo za m'buku lake m'chinenero chimene iye sanachimve ndi kale lonse.

M'mawa mwake tinapita kukathokoza mai uja. Tinampeza alikupeta chimanga, ndipo sanatinyengerere. Anati, "Aphunzitsi, inu mumayambira pamwamba ngati mukadali mnyamata. Tsitsani, ifenso tipume." Tinati, "Amai, mwanena zoona." Chiyambire tsiku limenelo tiyamba nyimbo motsikirapo, ndipo taona kuti amuna akulu amene anali chete ayamba kuimba nafe. Tapachikanso chipepala cha do, re, mi m'kalasi, ndipo Lachitatu lililonse madzulo tikhala ndi anyamata anai ndi atsikana atatu. Mmodzi wa atsikanawo ali ndi khutu loposa lathu, koma ameza mau otsiriza a mzere. Tamuuza kuti pa Khirisimasi adzayamba nyimbo ndiye, akaleka kumeza.