Tsiku limene ndinang'amba mndandanda wa akatswiri

"Madamu, ine bola ndikasese panja."

Anandiuza choncho mtsikana wa Sitandade 5, Lachisanu lina masana, anzake akukankhana pakhomo kuti alowe m'chipinda cha makompyuta. Sanali kudwala, sanalinso pa chilango. Anangoona kuti kugwira tsache padzuwa la Okutobala n'kwabwino kuposa kusewera gemu imene ineyo ndinkainyadira. Ndinaseka poyesa kuti ndi nthabwala. Iye sanaseke.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangomaliza maphunziro ku yunivesite ku Zomba. Digiri ili m'chikwama, ntchito kulibe. Amene munadutsamo mukudziwa: m'mawa kutumiza makalata ofunsira ntchito, masana kumangoyang'ana foni ngati ikulira. Azakhali anga, amene aphunzitsa pulaimale kwa zaka zoposa 20, anatopa n'kundiona ndikungokhala pakhonde. Pasukulu yaing'ono imene amaphunzitsa ku Lilongwe panali malaputopu 6 akale amene munthu wina anapereka, koma ankangokhala m'kabati. "Iwe unapita kusukulu," anatero azakhali, "bwera udzawatsegulire ana zinthuzi makoswe asanadye mawaya."

Intaneti panalibe, ndalama ya bando panalibenso. Ndiye ndinaikamo gemu yaulere yotchedwa TuxMath, imene imaseweredwa popanda intaneti. Kaseweredwe kake n'kosavuta. Miyala yamoto imagwa kuchokera kumwamba, mwala uliwonse uli ndi samu, monga 7 x 8. Pansi pali timanyumba ta ayezi momwe mumakhala mbalame za kumaiko ozizira zija, ma penguin. Ukalemba yankho lolondola n'kudina Enter, mwalawo umaphulika usanafike pansi. Ukachedwa, umagwera kanyumba n'kukasungunula. Ana anga anali asanaonepo penguin, ndiye anaitcha "bakha wovala suti", ndipo dzinali linakhala mpaka kalekale.

Sabata ziwiri zoyamba zinali zosangalatsa zedi. Ana 42, malaputopu 6, phokoso ngati mumsika wa Tsoka. Ana amene pa phunziro la masamu amagona anali kudumphadumpha. Ndinadziona ngati ndatulukira njira imene aphunzitsi onse a m'Malawi muno sanaiganizepo. Ndipo pofuna kuwonjezera moto, ndinagula pepala la manila, n'kulembapo ndi maka kuti AKATSWIRI A SABATA INO. Lachisanu lililonse ndinkalembapo maina 5 a ana amene apeza mapointi ochuluka, n'kulimata pakhoma pafupi ndi bolodi.

Pofika sabata yachinayi, maina aja sankasinthanso. Pamwamba penipeni pankakhala mnyamata mmodzi amene bambo ake ali ndi kashopu kojambulitsirako mapepala ndi kutaipitsa makalata. Iyeyo kiyibodi anaidziwira kwawo. Zala zake zinkangothamanga zokha, pamene anzake ankasakasaka nambala 6 ngati akufuna singano mumchenga. Gulu lililonse linazindikira msanga kuti likafuna mapointi, lipereke laputopu kwa wothamanga zala. Ena onse ankangoima kumbuyo. Wina akapatsidwa mpata n'kulakwitsa, kanyumba kakasungunuka, gulu lonse linkamukuwiza: "Waphetsa bakha! Choka apo!"

Mtsikana wofuna kusesa uja anali atakuwizidwa kawiri. Ineyo sindinaone. Maso anga anali pa mapointi.

Madzulo a tsiku limenelo ndinawafotokozera azakhali tikusadzula ndiwo, ndikudandaula kuti ana ena alibe chidwi. Anandisiya ndilankhule mpaka nditathe mawu. Kenako anandifunsa kuti, "Mwanayo ukumudziwa kumene amapita akaweruka?" Sindinkadziwa. Anati amakakhala pabenchi ya mayi ake yogulitsira tomato ndi anyezi. "Mawa upite ukagule. Umupatse ndalama yaikulu, uone ngati achedwe kukubwezera chenje."

Ndinapitadi. Ndinagula milu itatu ya tomato, mulu wa anyezi, ndi kapaketi ka mafuta ophikira, n'kumupatsa K5,000. Ndisanatsegule n'komwe kakyuleta ya pafoni, chenje inali kale m'manja mwanga, yokwanira ndendende. Anandiyang'ana mwamanyazi n'kunena kuti, "Zikomo Madamu."

Pobwerera ndinayenda pang'onopang'ono. Kwa mwezi wathunthu ndinkaganiza kuti ndikuyesa masamu, chonsecho ndinkayesa kuti ndani anagwirapo kompyuta kwawo. Ndipo zotsatira zake ndinazimata pakhoma kuti aliyense aziwerenga tsiku lililonse, ngakhale pa phunziro la Chichewa. Ana sachedwa kuwerenga zoterezi. Kalasi imene azakhali anaiumba ndi kuyimbira limodzi, kusesa mosinthana ndi kugawana mabuku, ine ndinaigawa pawiri: eni gemu ndi oonerera.

Chimene chinanditsegula mutu ndi bawo. Pafupi ndi kwathu pali mtengo wamango pamene abambo amasewera bawo madzulo. Osewera amakhala awiri okha, koma aliyense woima pamenepo amakhala kuti ali m'masewero. Wina akuwerengera njombwa m'mutu, wina akung'ung'udza kuti "ayi, osayambira apo", wina akudikira kuti wogonja adzuke iye akhalepo. Palibe amene amachoka n'kukasesa. Ngakhale fulaye amene tinkasewera tili ana, wogendedwa ndi mpira ankatuluka n'kumakuwirira anzake otsala, podziwa kuti akapirira, gulu lonse libwereranso. Gemu ya pa kompyuta yambiri inapangidwira munthu mmodzi ndi sikirini yake. TuxMath yomweyi inatengera kaseweredwe ka Missile Command, gemu ya kampani ya Atari ya mu 1980, imene munthu ankaima yekha pamakina n'kumalimbana kuti aposa amene anasewera iye asanabwere. Mtima umenewo unali mkati mwa gemuyo, ndipo ine ndinangouwonjezera mphamvu ndi manila wanga.

Lachisanu lotsatira ndinafika msanga, n'kumatula pepala lija. Ndikanatha kungolichotsa mwakachetechete, koma ndinaona kuti ana ayenera kumva kuchokera pakamwa panga. Atakhala pansi ndinawauza kuti, "Ndinalakwitsa ndine. Pepala ili likunama. Likuonetsa odziwa kiyibodi, osati odziwa masamu." Ndinaling'amba iwo akuona. M'kalasi munangoti zii. Ana a kuno sanazolowere kumva mphunzitsi akuti ndalakwitsa, ndipo kunena zoona, nanenso mawuwo anandiwawa pakhosi potuluka.

Magulu ndinawasakaniza ndekha mothandizidwa ndi azakhali, amene amadziwa amene sagwirizana, amene amakhala moyandikana kwawo, ndi amene salankhula akakhala pakati pa anyamata. Gulu lililonse la ana 7 linadzisankhira dzina la mudzi. Pa laputopu iliyonse panali ntchito zitatu. Wina ndi mlonda, woyang'ana mwala umene watsikitsitsa n'kuutchula mokweza. Ena ndi owerengera, opeza yankho n'kulinena. Wotaipa saloledwa kulemba yankho lake, amalemba lokhalo limene wauzidwa. Miyala ya ulendo umodzi ikatha, onse amasuntha mpando umodzi, mpaka aliyense agwirepo kiyibodi. Mapointi a midzi yonse 6 tinkawaphatikiza pabolodi kukhala nambala imodzi, ndipo mdani wathu anali nambala ya sabata yatha.

Musaganize kuti zinangoyenda. Tsiku loyamba mapointi anatsika kwambiri moti ana ena anayamba kupempha kuti tibwerere ku zakale. Owerengera ankakuwa mayankho atatu osiyana nthawi imodzi, wotaipa n'kungogwira mutu. Aphunzitsi a kalasi yoyandikana nafe anabwera kudzagogoda kuti ana awo sakumva chilichonse. Ndinachita kukhazikitsa lamulo lakuti owerengera agwirizane kaye, mmodzi yekha ndiye anene. Mawu akuti "waphetsa bakha" ndinawaletseratu. Kanyumba kakasungunuka, mudzi wonse unkalemba samu imene yawapha pakapepala.

Timapepala timeneto ndi timene ndimatikumbukira kwambiri. Mphindi 10 zomaliza tinkatseka malaputopu, n'kukhala mozungulira, mudzi uliwonse n'kuwerenga masamu amene auvuta. Zinapezeka kuti pafupifupi midzi yonse inkafera pa 7 x 8 ndi 6 x 9. Mwana amene ankadziona ngati mbuli yekha anamva kuti ngakhale a mudzi wa katswiri uja agwa pa samu yomweyo. Ndiye ndinkafunsa kuti, ndani ali ndi njira yake? Apa ndi pamene mtsikana wa tomato uja anayankhula koyamba, mawu ali pansipansi. Anati iye 6 x 9 saiwerengera choncho. Amayamba ndi milu 6 ya zinthu khumikhumi, imene ndi 60, kenako n'kuchotsapo chimodzi pa mulu uliwonse, kutsala 54. Mnyamata wina anati, "Aaa, bwerezanso!" Anabwereza. Sabata yotsatira ndinamva mlonda wa mudzi wina akukuwa kuti, "Pangani za tomato!"

Tsiku lina magetsi anazima kuyambira m'mawa, ndipo mabatire a malaputopu akalewo sankasunga moto. Ndinali wokonzeka kuwauza kuti lero kulibe gemu. Koma anyamata awiri anapempha choko. Anajambula timanyumba 4 pansi pa bolodi, wina n'kulemba samu pamwamba, n'kumaifufuta ndi kuilembanso m'munsi pang'ono, kwinaku kalasi yonse ikuwerenga kuchokera pa 5 kutsika. Mudzi ukayankha mochedwa, ankafufuta denga la kanyumba. Ineyo ndinangokhala pampando wa azakhali n'kumaonerera. Fumbi la choko linali thoo, ndipo aphunzitsi oyandikana nafe anagogodanso.

Pali munthu mmodzi amene kusinthaku kunamupweteka, ndipo sindifuna kubisa. Katswiri uja. Kwa sabata ziwiri ankakhala atapinda manja. Nthawi yake yotaipa ikakwana ankalemba mayankho ake osadikira anzake, ikatha ankakana kusuntha. Nditamuitanira pambali anandifunsa kuti, "Madamu, ine ndinalakwa chiyani? Si inu nomwe munati tizipikisana?" Ndinasowa chonena, chifukwa ankanena zoona. Mwanayo sankachita bwino kwenikweni m'maphunziro ena, ndipo pepala lija linali malo oyamba pamene dzina lake linakhalapo pamwamba. Ndinamupatsa ufumu, kenako ndinamulanda pamaso pa anzake.

Ndinamupempha kuti azibwera mphindi 15 tisanayambe, aziphunzitsa anzake awiriawiri pamene pali manambala ndi kagwiridwe ka kiyibodi. Anavomera monyinyirika. Ankaphunzitsa mwaukali ngati kapitawo wa pa esiteti, koma ankaphunzitsadi, ndipo ana anayamba kumuitana kuti "a Sala". Kaya anandikhululukira, sindikudziwa. Mpaka tsiku lomaliza ankandifunsabe ngati tingapange mpikisano wa mmodzimmodzi, ngakhale kamodzi kokha. Mwina ndikanamulola.

Nkhaniyi ndimaiganizira kwambiri masiku ano chifukwa zimene ine ndinkachita ndi malaputopu 6 tsopano zikulowa m'sukulu za boma. Kuyambira mu 2023, boma linayamba pulogalamu ya BEFIT, yopereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Mumakhala maphunziro a kuwerenga ndi masamu okonzedwa ngati timagemu ndi bungwe la onebillion la ku Britain, limene mu 2019 linali limodzi mwa awiri opambana mphotho ya Global Learning XPRIZE. Mwana amavala mahedifoni n'kumaphunzira pa liwiro lake. Ndikumvetsa chifukwa chake. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, makalasi athu anadzaza moti mphunzitsi mmodzi sangathe kufikira mwana aliyense, ndipo tabuleti siitopa kubwereza, siikuwiza mwana akalakwitsa. Mtsikana wanga uja akanayamba choncho, mwina sakanapempha tsache.

Koma mahedifoni akavulidwa, anawo amabwerera kwa anzawo, ndipo pamenepo tabuleti ilibe chonena. Siidziwa kuti uyu amagulitsa tomato, kapena kuti uyo dzina lake silinakhalepo pamwamba pa chilichonse. Zimenezo amadziwa ndi aphunzitsi ngati azakhali anga, amene amatha kukuuza za mwana aliyense pa ana 42 akusadzula nkhwani. Inunso amene muli ndi ang'ono anu kunyumba, amene mumawabwereka foni kuti asewere gemu ya masamu, tayesani tsiku lina kuwaika awiri pa foni imodzi, wina anene yankho, wina adine. Adzakangana ndithu. Musawalande msanga.

Ndinasiya kupita kusukulu kuja mu Malichi, nditapeza ntchito yolemba imene ndikugwira panoyi. Lachisanu langa lomaliza, nthawi yotaipa inafika pa mtsikana uja pamene miyala inali itayamba kugwa mothamanga. Ankataipabe ndi chala chimodzi. Owerengera anamuuza 56, iye anadina 65, kanyumba n'kusungunuka. Ndinaona mapewa ake akukwera, akudikira mkuwo. Mlonda wa mudzi wawo, kamnyamata kakafupi kovala juzi ngakhale kukutentha, sanamuyang'ane n'komwe. Anangoti, "Lembani pakapepala. Wina ukubwera kumanzereko, 9 x 4!"

Iye anaweramiranso pa kiyibodi, n'kuyamba kufunafuna 3.